Josef Hofmann, Katswiri wa Piyano wa Manja Aang'ono

Wogula nsapato amayamba wayesa phazi, koma wofuna kuphunzira piyano palibe amamuyesa dzanja. Limba limeneli lili ndi makiyi 88, oyera 52 ndi akuda 36, ndipo muyeso wa makiyiwo ndi umodzi kwa mwana wa sukulu ndi kwa chimphona chomwe. Kuchokera pa kiyi yoyera kukafika pa yachisanu ndi chitatu, mtunda umene oimba amautcha okitevu, pali masentimita pafupifupi 16 ndi theka. Munthu amene chala chake chachikulu ndi chaching'ono sizifika pamenepo momasuka amayenera kukakamiza dzanja, ndipo kukakamizako kwapweteka anthu ambiri. Robert Schumann wa ku Germany anapundula dzanja lake lamanja cha m'ma 1832, pamene ankaliphunzitsa mopyola muyeso, nasiya maganizo onse okhala woimba wa pagulu. Josef Hofmann anabadwa ndi manja aang'ono, koma anawerengedwa pakati pa akatswiri oposa onse a m'nthawi yake.

Iye anabadwa pa 20 Januwale 1876 kufupi ndi mzinda wa Kraków, m'chigawo cha Poland chimene panthawiyo chinali pansi pa ulamuliro wa Austria. Atate ake, a Kazimierz Hofmann, anali woimba piyano ndi wotsogolera gulu la zoimbira, ndipo amayi ake anali woimba ndi mawu. Mwanayo anayamba kuonekera pagulu asanafike zaka khumi. Pa 29 Novembala 1887, ali ndi zaka 11, anaimba m'nyumba ya Metropolitan Opera ku New York, ndipo mzinda wonse unatekeseka. Okonza ulendowo ataona m'mene ndalama zinali kulowera, anamuimbitsa makonsati pafupifupi 50 m'masiku ngati 70. Bungwe loteteza ana ku nkhanza linadandaula, ndipo munthu wina wachuma, Alfred Corning Clark, wa banja limene linalemera ndi makina osokera a Singer, anapereka madola 50,000 kuti mwanayo aleke kuimba pagulu kufikira atakwana zaka 18. Mphatso imeneyi inamupulumutsa, pakuti ana ambiri a luso lotere amatha ngati moto wa mapesi.

M'chaka cha 1892 anayamba kuphunzira kwa Anton Rubinstein ku Dresden, napitiriza mpaka 1894, chaka chimene mphunzitsiyo anamwalira. Rubinstein anali ndi zikhatho zazikulu, kotero kuti Hofmann ankakumbukira kuti chala chaching'ono cha mphunzitsi wakeyo chinali chonenepa ngati chala chake chachikulu. Wophunzira wotere sakanatha kutengera kagwiridwe ka mphunzitsi wake. Anayenera kupeza njira yakeyake, ndipo anaipeza. Pamene dzanja lalikulu limangotambasuka n'kugwira, laling'ono limayenera kuyenda: mkono umanyamula chikhatho msangamsanga kupita nacho pamene pali kiyi, mawu amene sangagwidwe pamodzi amaimbidwa motsatizana mwaliwiro, ena amaperekedwa ku dzanja linalo, ndipo chopondera cha kuphazi chimasunga mawu amene chala chawasiya kale. Zonsezi zimafuna khutu lakuthwa ndi dzanja losaumitsa. Amene anamumva Hofmann ankatama kuyera kwa mawu ake, kuti ngakhale pothamanga kwambiri kiyi iliyonse inkamveka payokha. Mutu wakenso unali nkhokwe: mu nyengo ya 1912 ndi 1913 anaimba nyimbo 255 zosiyanasiyana m'makonsati 21 ku St Petersburg.

Komabe Hofmann sanavomere kuti dzanja lokha ndilo liyenera kugonjera. Anali munthu wokonda zitsulo ndi makina, amene analembetsa zotulukira zake zoposa 70, kuphatikizapo chipangizo chochepetsa kugwedezeka kwa galimoto pa msewu wa mabampu. Kwa munthu wotere piyano ndi makina opangidwa ndi anthu, ndipo chopangidwa ndi anthu chikhoza kusinthidwa. Tsono kampani ya Steinway inamupangira mapiyano a makiyi opyapyala pang'ono kuposa a masiku onse. Kusiyana kwake pa kiyi imodzi n'kosaoneka ndi maso, koma pa okitevu yathunthu kumamasula dzanja. Chodandaulitsa n'chakuti mwayi umenewu unatsalira kwa katswiri mmodzi yekha, pamene akazi ambiri ndi ana, amene manja awo ndi aang'ono kuposa ake, anapitiriza kulimbana ndi muyeso wakale. Panapita zaka zambiri kufikira m'ma 1990, pamene David Steinbuhler wa ku Pennsylvania anayamba kupanga makiyi opyapyala oti aliyense agule.

Bwenzi lake, Sergei Rachmaninoff wa ku Russia, linali ndi manja otha kugwira makiyi oyera 12 nthawi imodzi, ndipo linkalemba nyimbo zoyenera manja oterowo. Rachmaninoff ankamulemekeza Hofmann koposa, kotero kuti mu 1909 anapereka kwa iye konsato yake yachitatu, ndiyo nyimbo yaitali ya piyano yoimbidwa pamodzi ndi gulu lonse la zoimbira. Hofmann sanaiimbe pagulu ngakhale kamodzi. Ena amati sanaikonde kapangidwe kake, ena amaloza ku manja ake, popeza nyimboyo ili ndi mawu ambiri ogwidwa pamodzi motalikirana. Mwini wake ndiye anayamba kuiimba, pa 28 Novembala 1909 ku New York, ndipo pambuyo pake Vladimir Horowitz anaitchukitsa. Ubwenzi wa awiriwo sunathe chifukwa cha zimenezi.

Mu 1924 Hofmann anakhala mkulu wa aphunzitsi a piyano pa sukulu yatsopano ya Curtis Institute ku Philadelphia, ndipo kuyambira 1927 mpaka 1938 anali mtsogoleri wa sukulu yonseyo. Mmodzi wa ophunzira ake anali Shura Cherkassky. Pa 28 Novembala 1937 anabwerera m'nyumba ya Metropolitan Opera kukakumbukira zaka 50 chiyambire kuimba ku America, ndipo konsati imeneyo inajambulidwa, kotero kuti ikumvekabe mpaka lero.

Zaka zotsatira zinali zowawa. Atachoka ku Curtis, mowa umene unali utayamba kale kumuvuta unamugwira kotheratu, banja lake linagwedezeka, ndipo zala zimene zinkadabwitsa dziko zinayamba kuphonya. Anaimba komaliza ku Carnegie Hall mu 1946. Masiku ake otsala anathera ku Los Angeles, kumene ankayesayesa njira zokonzera piyano ndi zojambulira mawu, kufikira anamwalira pa 16 Febuluwale 1957, ali ndi zaka 81.