Ludwig Prandtl: Munthu Amene Anaona Chogwetsa Ndege

Ndege yaing'ono ikamakatera, woyendetsa amachepetsa liŵiro ndi kukweza mphuno yake. Akaikweza mopitirira muyeso, mpweya woyenda pamwamba pa phiko umaleka kutsata phikolo, mphamvu yonyamula imachepa mwadzidzidzi, ndipo ndege imayamba kugwa. Oyendetsa ndege amalitcha vutoli stall. Likachitika pafupi ndi nthaka kaŵirikaŵiri limatenga miyoyo. Amene anatsegula njira yomvetsera gwero lake ndi Ludwig Prandtl.

Prandtl anabadwa pa 4 February 1875 ku Freising m'dziko la Germany. Atatsiriza maphunziro ake ku Munich, analoŵa nchito pa fakitale ina ku Nuremberg, kumene anauzidwa kukonza makina oyamwa utuchi. Kumeneko anaona kuti paipi ikamanka nikula, mpweya sutsatanso khoma lake koma umapatuka. Chinthu chimenechi sichinamchoke m'mutu.

Yankho analipereka m'chaka cha 1904 pa msonkhano wa akatswiri a masamu ku Heidelberg, m'masamba oŵerengeka okha. Anasonyeza kuti pamene mpweya ukhudzana ndi chinthu pamakhala kachigawo kopyapyala kwambiri momwe mpweyawo umachedwa chifukwa cha kukhulana. Kachigawoka kakatha mphamvu, mpweya umamatuka. Chaka chomwecho anaitanidwa kukaphunzitsa ku Göttingen, kumene anakhala moyo wake wonse.

M'chaka cha 1914 anachita chinthu chodabwitsa. Anazunguliza kawaya koonda pa mpira wosalala nauika m'mphepo yamphamvu. Mphepo inaukankha mpirawo pang'ono kusiyana ndi poyamba, pakuti kawayako kanavundula mpweya, ndipo mpweya wovundukawo unachedwa kumatuka.

Nzeru yomweyi ndiyo ili m'tizitsulo totchedwa vortex generator, timene tinayamba kupangidwa ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Pa ndege zazing'ono timamatidwa mumzere pamwamba pa phiko, chakutsogolo. Kalikonse kamautsa kakamvuluvulu kamene kamatsitsa mpweya wothamanga kuti ukalimbikitse mpweya wotopa wa pa phiko penipeni. Motero ndege imatha kuuluka pa liŵiro locheperapo, ndipo zoongolera za kumapiko zimamverabe dzanja la woyendetsa. Komabe tisanamizane: tizitsuloti timangochedwetsa vutoli, sitilichotsa. Woyendetsa wosasamala angathe kugwabe.

Mbiri ya Prandtl ili ndi banga lake. Mu ulamuliro wa Hitler, iye ndi anzake ku Göttingen anapitiriza kufufuza zothandiza ndege za nkhondo, ndipo olemba mbiri amamdzudzula pa chimenechi. Anamwalira ku Göttingen pa 15 August 1953.

Inu amene mwangotsiriza sukulu, kumbukirani kuti nzeru imene ikupulumutsa oyendetsa ndege inayambira pa makina a utuchi. Nchito yonyozeka imaphunzitsa munthu wopenyetsetsa.