MOYO WA SOPHOCLES, MLEMBI WA MASEWERO WA KU ATHENS

Mwa anthu akale amene maina ao tikomana nao m'mabuku, ndi owerengeka okha amene nchito zao zicitidwabe pa bwalo, pamaso pa anthu, kufikira lero lino. Mmodzi wa iwo ndiye Sophocles, Mgiriki wa mu mzinda wa Athens, amene anamwalira zaka zoposa 2,400 zapitazo. Masewero ace acitidwa m'mizinda yaikulu ya ku Ulaya, m'masukulu a ku Ghana, ndi m'ndende ya pa Robben Island momwe. Kuyenera kuti ife aphunzitsi timdziwe munthuyu, makamaka popeza nkhani yace ina imveka kwa ife a ku Petauke ndi Nyimba ngati mlandu umene unagwa pa mudzi wa tsidya.

Anabadwa ca m'caka ca 496 B.C., ndiko kunena Kristu asanabadwe, ku Colonus, mudzi umene unali pafupifupi makilomita awiri kucokera ku Athens. Atate wace, Sophillus, anali munthu wacuma, ndipo anamphunzitsa mwanayo kuyimba, kuvina ndi masewera olimbitsa thupi, pakuti awa ndiwo anali maphunziro a ana a mfulu masiku amenewo. M'caka ca 480, iye ali ndi zaka ngati 16, Agiriki anagonjetsa zombo za Aperisi pa nkhondo ya pa Salamis, ndipo akale asimba kuti mnyamatayu ndiye anasankhidwa kutsogolera anzace pa nyimbo ya cikondwerero.

Anthu a ku Athens sanayese masewero cinthu ca ana. Caka ciri conse, ca m'mwezi wa March kapena April, pamene ife kuno tiyamba kudya zam'munda, iwo anali ndi cikondwerero ca mulungu wao Dionysus. Anthu zikwizikwi anakhala pa mtsetse wa phiri kupenya pa bwalo limene linali m'munsi mwao. Alembi atatu anapikisana, yense ndi masewero atatu acisoni ndi limodzi loseketsa. Ocita sewero anali amuna okhaokha, ndipo anabvala zigoba kumaso, kotero kuti munthu mmodzi anakhoza kuturuka ngati mfumu, nabwereranso ngati namwali. Pambali pao panali gulu la oyimba, amene anabvina ndi kuyankha monga momwe ticita ife pothira mang'ombe pa nthano.

Sophocles anayamba kupambana m'caka ca 468, pamene anaposa Aeschylus, amene anali mkulu wa alembi onse pa nthawiyo. Poyamba anali kucita nao masewero ace iye mwini, monga anacitira alembi anzace, koma analeka cifukwa mau ace anali ocepa mphamvu. Aeschylus anali kuika anthu awiri olankhulana pa bwalo, ndipo Sophocles anaonjezapo wacitatu. Cioneka ngati cinthu cacing'ono, koma ali yense wozolowera bwalo la milandu adziwa kuti nkhani isinthika msanga pakaimirira mboni. Anakulitsanso gulu la oyimba kucokera pa 12 kufika pa 15. Analemba masewero oposa 120, napambana kokwanira 18 pa cikondwerero cacikuluco, ndipo sanakhalepo wotsiriza pa mpikisano. Koma mwa onsewo, amene anatifika athunthu ndi 7 okha.

Sanali munthu wobindikira m'nyumba ndi zolemba zace. M'caka ca 443 anakhala mmodzi wa osunga cuma cimene mizinda yogwirizana ndi Athens inali kusonkha. Patapita zaka ziwiri anasankhidwa kukhala mmodzi wa akazembe khumi a nkhondo, napita pamodzi ndi Pericles kukathira nkhondo cisumbu ca Samos, cimene cinapandukira Athens. Anaona nkhondo yaitali ya Athens ndi Sparta ikuyamba m'caka ca 431, anaonanso mliri umene unabuka caka cotsatira ndi kupha anthu ambirimbiri, mmodzi wa iwo Pericles yemweyo. M'caka ca 413, asilikari a Athens ataonongeka ku Sicily, anthu anamuika pakati pa akuluakulu khumi oti aongolere mzinda pa tsokalo, iye ali ndi zaka zoposa 80. Tikumbukire bwino izi, pakuti munthu amene analemba za malire a mphamvu ya mfumu anali wodziwa kulemera kwace kwa udindo.

Sewero lace limene layenda kutali koposa ndilo Antigone, lolembedwa ca m'caka ca 441. Nkhani yace ndi iyi. Ana amuna awiri a Oedipus, maina ao Eteocles ndi Polynices, analimbirana ufumu wa mzinda wa Thebes. Polynices anakatenga nkhondo kunja kudzathira mudzi wa kwao, ndipo abale awiriwo anaphana pa cipata. Creon, amene analowa ufumu, analamulira kuti Eteocles aikidwe mwaulemu, koma mtembo wa Polynices usiyidwe pa mtetete kuti audye agaru ndi miimba, ndi kuti wouika aphedwe. Mlongo wao Antigone anapempha mng'ono wace Ismene kuti amthandize, koma Ismene anacita mantha. Tsono Antigone anapita yekha, nawaza dothi pa mtembowo. Atamgwira sanakane mlandu, koma anaumirira kuti lamulo la kuika akufa ndi lakale koposa lamulo la mfumu iri yonse. Creon anamtsekera wamoyo m'phanga. Mwana wace wa Creon, Haemon, amene anatomera namwaliyo, anadandaulira atate wace, koma cabe. Pomariza mlosi wakhungu Tiresias anamcenjeza, ndipo mfumu inatembenuka mtima, koma mocedwa: inapeza Antigone atadzimangirira, Haemon anadzibaya pomwepo, ndipo amace atamva anadziphanso. Creon anatsala ndi mpando wace, nyumba iri bwinja.

Sophocles sanampange Creon citsiru. Mzinda unali utangopulumuka ku nkhondo, ndipo mfumu inaopa kuti ikalemekeza woukira, mawa ena adzaukiranso. Antigone nayenso sali wofatsa, ali ndi liuma ndi mau olasa. Onse awiri agwira mbali ya coonadi, ndipo woonera abwerera kunyumba alikudzifunsa kuti akadakhala iye akadaima ndi yani.

Pa ukalamba wace pali nkhani imene akale asimba, yakuti mwana wace Iophon anamsumira ku bwalo kuti nzeru zamthera ndipo sangathenso kusunga cuma ca banja. Nkhalambayo inangowerengera oweruza cigawo ca sewero limene inali kulemba, Oedipus at Colonus, lotamanda mudzi umene inabadwira, ndipo mlandu unathera pomwepo. M'caka ca 406, atamva za imfa ya Euripides, amene anapikisana naye zaka zambiri, anaturuka pamaso pa anthu atabvala zamaliro, ndi oyimba ace opanda nkhata za maluwa kumutu. Miyezi ingapo pambuyo pace iye yemwe anamwalira, ali ndi zaka ngati 90, asanaone kugwa kwa Athens m'caka ca 404. Manda a makolo ace anali pa njira ya ku Decelea, kumene adani anamanga linga, ndipo kusimbidwa kuti mkulu wa nkhondo wa Sparta analola kuti maliro apite mumtendere. Sewero lotsiriza lija analionetsa ndi mdzukulu wace m'caka ca 401.

Patapita zaka mazana ambiri masewero ace akungowerengedwa m'mabuku, anabwereranso pa bwalo. Oedipus anacitidwa ku Vicenza, m'dziko la Italy, m'caka ca 1585, ndipo Antigone ku Potsdam m'caka ca 1841, ndi nyimbo zopeka Felix Mendelssohn. M'caka ca 1944, mzinda wa Paris uli m'manja mwa asilikari a Germany, Jean Anouilh anaonetsa Antigone wolembedwa mwatsopano, ndipo ambiri anaona mwa namwaliyo anthu amene anali kukana ulamuliro wa adaniwo.

Kuno ku Africa, mmodzi wa oyamba anali wogwira nchito ya maphunziro ngati ife. Kamau Brathwaite wa ku Barbados, alikutumikira m'masukulu a ku Ghana, anakonza nkhani ya Antigone kuti ana a sukulu aicite, naicha Odale's Choice. Inacitidwa m'caka ca 1962, nisindikizidwa m'caka ca 1967. Ku Nigeria, m'caka ca 1968, nkhondo ya paciweniweni iri mkati, Ola Rotimi anasandutsa Oedipus kukhala mfumu ya Ayoruba dzina lace Odewale, mu sewero lochedwa The Gods Are Not to Blame. Ku Tanzania, Samuel Mushi anatembenuza Oedipus m'Ciswahili m'caka ca 1971.

Koma kumene Antigone anaima ngati mboni yeniyeni ndiko ku South Africa. M'caka ca 1965, gulu la Serpent Players la ku New Brighton, ku Port Elizabeth, linali kukonzekera seweroli pamene apolisi anagwira mmodzi wa iwo, namtumiza ku Robben Island. M'ndendemo akaidi analicita seweroli, ndipo Nelson Mandela analemba m'buku la moyo wace kuti iye anatenga mbali ya Creon. Munthu womangidwa cifukwa ca kukana malamulo oipa anaphunzira pamtima mau a mfumu yosamva uphungu, ndipo patapita zaka analamulira dziko lomwelo. M'caka ca 1973, Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona anapeka The Island, m'mene akaidi awiri akonzekera kuonetsa mlandu wa Antigone pamaso pa alonda ao. Kani ndi Ntshona analandira mphotho ya Tony ku New York m'caka ca 1975.

Tsono pali cinthu cimodzi m'nkhaniyi cimene mwana wa Cinsenga kapena wa Cicewa adzacigwira msanga kuposa mwana wa ku London. Creon anali mlongo wace wa Jocasta, amai a Antigone. Kunena kwathu, iye anali malume, mwini mbumba, amene ayenera kuimirira ana a mlongo wace pa mlandu, pa ukwati ndi pa maliro. Polynices, amene anamkaniza manda, anali muphwa wace weniweni, ndipo Haemon ndi Antigone anali pa cisuweni. Mwana wa m'dziko la mfumu Kalindawalo kapena la mfumu Ndake safunika kumuuza kuti malume wotaya mtembo wa muphwa wace kwa agaru wacita conyansa, ngakhale atakhala pa mpando wa ufumu. Adziwanso kuti mau a mfumu sapeputsidwa. Cothetsa nzeru ca Antigone adzacimva m'mimba asanacimve m'mutu.

Cifukwa cace musayese kuti seweroli lifuna nyumba yaikulu ndi nyali zamagetsi. Agiriki analicita panja, dzuwa likuwala, ndipo ophunzira a pa University of Zambia anatsata njira yomweyo kumayambiriro a zaka za m'ma 1970, pamene anamanga bwalo la panja la Chikwakwa ku Lusaka ndi kuyendera midzi ndi masewero m'zinenero za anthu. Pansi pa mtengo wa mango pakwanira. Simbani nkhaniyo kwa ana m'cinenero cao, muwalole apeze okha mau a Creon ndi a Antigone. Sankhani ana 15 akhale akulu a mudzi, ayimbe ndi kuyankha ndi ng'oma. Mumpatse mwana wolankhula bwino koposa mbali ya Creon, kuti mfumuyo isaoneke yopepuka, pakuti mlandu wa mbali imodzi suphunzitsa kanthu. Ndipo sewero likatha, musafulumire kuwauza amene analakwa. Itanani makolo ndi anyakwawa amene abwera kudzaonera, muwapemphe kuti auweruze mlanduwo monga akadauweruzira pa bwalo la kwao.