Henry K. Beecher

Henry Knowles Beecher (4 February 1904 – 25 July 1976) anali dokotala wa ku America, wobadwira ku Kansas, yemwe ankaphunzitsa pa yunivesite ya Harvard. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankasamalira asilikali ku Italy, ndipo anadabwa kuona kuti ambiri ovulala kwambiri sankapempha mankhwala opha ululu. Iye anaganiza kuti mtima wawo unali utakhala pansi poti apulumuka, nchifukwa chake ululu unkachepa.

Mu 1955 analemba kuti odwala pafupifupi 35 mwa 100 alionse amapezako bwino akapatsidwa placebo, mankhwala ongoyerekeza monga piritsi la shuga. Mu 1997 ofufuza ena anatsutsa chiwerengerochi, ponena kuti odwala ambiri akanachira okha. Komabe ntchito yake inalimbikitsa zoyesa mankhwala atsopano powayerekeza ndi placebo.