Moscow inapsa, koma Alexander I sanaotche Paris

Anzanga, tikamatchula Napoleon tisamaiwale mdani wake, Alexander I, mfumu ya ku Russia. Anabadwa mu 1777 ndipo anakula akuyankhula Chifalansa. Analowa ufumu mu 1801 bambo ake, Paul I, ataphedwa.

Napoleon anamuthibula ku Austerlitz mu 1805, koma mu 1807 awiriwa anagwirana chanza pa nsanja yoyandama pamtsinje wa Neman. Ubalewo sunapite patali. Mu 1812 Napoleon analowa mu Moscow, mzinda n'kupsa.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti Alexander atalanda Paris mu 1814, sanabwezere. Analetsa asilikali ake kuononga, mzindawo n'kutsala uli chilili.

Anamwalira ku Taganrog mu 1825. Mukanakhala inu, mukanausiya?