JACKIE ROBINSON, MUNTHU WAKUDA AMENE ANATHYOLA MPANDA WA TSANKHO PA MASEWERA

Pa 15 Epulo 1947, mu mzinda wa New York ku America, matimu awiri akuluakulu a mpira wa baseball anakumana pa bwalo la Ebbets Field. Anali Brooklyn Dodgers ndi Boston Braves. Anthu oposa 26,000 anabwera kudzaonera. A Dodgers anapambana 5 kwa 3. Koma chimene chimakumbukika mpaka lero ndi mnyamata wakuda wovala nambala 42 amene analowa m'bwalo tsikulo. Dzina lake Jackie Robinson.

Baseball ndi masewera a anthu 9 mbali iliyonse. Wina amaponya kampira kolimba, wina amakamenya ndi ndodo n'kuthamanga kuzungulira malo anayi. Akafika pomwe anayambira, ndiye kuti wagoletsa. Kwa zaka zoposa 60, matimu akuluakulu sankalola munthu wakuda kusewera. Akuda anali ndi ligi yawoyawo.

Robinson anabadwa pa 31 Januwale 1919 ku Cairo, m'chigawo cha Georgia. Makolo ake ankalima munda wa mzungu n'kumagawana naye zokolola. Bambo ake atathawa banja, mayi ake, a Mallie, anasamuka ndi ana asanu kupita ku Pasadena, ku California, komwe ankagwira ntchito m'nyumba za anthu. Jackie anali chitsirizira. Mkulu wake Mack anakhala wachiwiri pa mpikisano wothamanga mamita 200 pa Olimpiki ya ku Berlin mu 1936.

Mu 1944, ali msilikali ku Texas, dalaivala wa basi anamulamula kuti akakhale kumbuyo chifukwa cha khungu lake. Iye anakana. Anamuimba mlandu ku khoti la asilikali, koma anapezeka wosalakwa.

Mu 1945 ankasewera mu timu ya akuda ya Kansas City Monarchs. Apa ndi pomwe mkulu wa Dodgers, a Branch Rickey, anamuitana. Anagwirizana chinthu chimodzi chovuta: kaya atukwanidwe, kaya amenyedwe, asabwezere. Akanangobwezera, adani akanapeza chifukwa chotsekeranso akuda onse pakhomo. Chaka cha 1946 anayamba wasewera ku Montreal, ku Canada.

Mu 1947 mavuto anachuluka. Oonerera ankamutukwana. Osewera ena ankamuponda dala ndi nsapato za misomali. Analandira makalata omuopseza kuti aphedwa. Mahotela ena ankakana kumugoneka pamodzi ndi anzake. Iye anapirira. Kumapeto kwa chakacho anasankhidwa kukhala wosewera watsopano wopambana onse, ndipo mu 1949 anakhala wosewera wopambana mu ligi yonse ya National League. Mu 1955 timu yake inagonjetsa New York Yankees ndi kutenga chikho cha World Series. Pofika nthawiyo matimu ambiri anali atalemba kale osewera akuda.

Anasiya kusewera chitatha chaka cha 1956, n'kuyamba kumenyera ufulu wa anthu akuda pamodzi ndi Martin Luther King. Matenda a shuga anamufooketsa mpaka maso anayamba kuchita khungu. Anamwalira ndi matenda a mtima pa 24 Okutobala 1972, ali ndi zaka 53. Anasiya mkazi wake Rachel ndi ana awiri.

Mu 1997 akuluakulu a baseball analamula kuti nambala 42 isapatsidwenso kwa wosewera wina watsopano. Masiku ano pa 15 Epulo chaka chilichonse, osewera onse a matimu akuluakulu amavala nambala 42 pomukumbukira.