Dr John Bowie, Sing'anga wa ku Blantyre

Pa nyengo ino ya chikondwerero, pamene tiwerenga zaka zimene Mulungu watitsogolera, nkoyenera kuti ife Akristu a ku Sunnyside, a ku Limbe ndi a m'midzi yozungulira tikumbuke mmodzi wa iwo amene anagona m'nthaka ino mzinda usanakule. Dzina lake ndiye John Bowie.

Munthuyu anali wa ku Scotland. Anaphunzira using'anga ku Edinburgh, nagwira nchito ku London, kumene akadakhala wolemera ndi womveka. Koma m'chaka cha 1887 anasiya zonsezo, nadza ku Mishoni ya Blantyre, imene malo ake anawasankha Henry Henderson ndi Tom Bokwito m'dziko la mfumu Kapeni m'chaka cha 1876. Kuno sanakhale mlendo, pakuti mlongo wake wina anakwatiwa ndi David Clement Scott, mkulu wa Mishoni, ndi wina anakwatiwa ndi Henderson. Masiku ake anathera pa kutsuka zironda ndi kuchiza odwala, Amang'anja, Ayao ndi Azungu omwe.

Pa chiyambi cha chaka cha 1891 kamwana ka Henderson kanagwidwa ndi nthenda ya pakhosi yotchedwa diphtheria, imene itseka njira ya mpweya. Masiku amenewo mankhwala ake anali asanapezeke. Bowie anaboola pakhosi pa mwanayo, naikapo kampope kuti apume. Ndipo kampopeko katatsekeka, anayamwa zotsekazo ndi pakamwa pake. Iye pokhala sing'anga anadziwa bwino lomwe chimene chingamgwere. Mwanayo sanachire, amake nawonso anadwala namwalira, ndipo Bowie mwini nayenso anagwidwa, namwalira mwezi wa January womwewo. Henderson, atasala yekha, ananyamuka ulendo wa kwao, koma anafera ku Quelimane mwezi wa February. Mnzao Robert Cleland anali atatsogola kale m'chaka cha 1890. Chotero nyumba ya Mulungu ya St Michael and All Angels, imene Bowie anaiona irikumangidwa, inatsegulidwa mwezi wa May 1891 iye palibe.

M'chaka cha 1892 William Robertson analemba buku la anthu atatuwa, nalitcha The Martyrs of Blantyre, ndiko kunena ofera a ku Blantyre. Apa pali funso limene aphunzitsi ayenera kulilingalira, pakuti palibe mmodzi wa iwo anaphedwa ndi mdani wa Mpingo. Pa Chibvumbulutso 2:13 Ambuye atchula Antipa wa ku Pergamo mboni yao yokhulupirika, ndipo Antipayo anachita kuphedwa. M'Chihelene liu la mboni ndi lomwelo limene pambuyo pake linasanduka dzina la wofera chikhulupiriro.

Abale athu a Mpingo wa Katolika amasunga dzina la wofera kwa iye yekha amene anaphedwa chifukwa cha chidani cha pa chikhulupiriro, monga Karoli Lwanga ndi anzake, amene anatenthedwa ku Namugongo m'dziko la Uganda m'chaka cha 1886, nawerengedwa mwa oyera mtima m'chaka cha 1964. Abale a Mpingo wa Anglican amalemekeza ofera otero, koma akumbukanso atumiki amene anagwa ndi nthenda, monga Bishopu Charles Mackenzie, amene anafa ndi malungo pafupi ndi mathiriro a Ruo m'chaka cha 1862. Makolo a Chipresbeteria, amene Bowie anali mmodzi wa iwo, sakhala ndi mwambo wa kulengeza oyera mtima. Iwo amayang'ana tanthauzo loyamba la liulo, kuti mboni ndiye munthu amene mau ake ndi nchito zake zibvomerezana kufikira tsiku lotsiriza, ngakhale imfa yake idze ndi lupanga kapena ndi nthenda.

Sitiyenera kukangana pa zimenezi, pakuti onsewo abvomereza chinthu chimodzi, kuti umboni woona uli ndi mtengo wake. Bowie sanafunsidwe pabwalo la milandu ngati ali wa Kristu; anafunsidwa pambali pa mphasa ya mwana wodwala, ndipo anayankha ndi moyo wake. Ambiri a ife tidzafunsidwa pa malo otero: m'chipatala, m'sukulu, pa maliro, ndi m'nyumba zathu zomwe. Mulungu atipatse chisomo kuti tsiku limenelo tipezedwe okhulupirika.