Sadao Watanabe, mmisiri amene anaveka Yesu zovala za ku Japan

Ku Japan akhristu ndi ochepa zedi, pafupifupi munthu mmodzi mwa anthu 100 alionse, ndipo kwa zaka zambiri anthu kumeneko ankaona chikhristu ngati chipembedzo cha alendo. A Sadao Watanabe anapereka moyo wawo wonse kuti achotse chilendo chimenechi pogwiritsa ntchito zithunzi zodinda.

Iwo anabadwira mu mzinda wa Tokyo m'chaka cha 1913. Bambo awo atamwalira, iwo ali ndi zaka 10, sukulu inathera panjira ndipo anakayamba kuphunzira ntchito yonyika nsalu mu utoto. Mayi wina woyandikana nawo ndiye anawaitanira ku tchalitchi, ndipo anabatizidwa mu 1930 mu mpingo wa Chiprotestanti.

Mu 1937 anaona ntchito za katswiri Keisuke Serizawa, nakhala wophunzira wake. Amisiri ambiri a zithunzi zodinda ku Japan amasema chithunzi pa thabwa, koma a Watanabe anatsata njira ya onyika nsalu yotchedwa katazome. Ankadula chithunzi pa pepala lolimba, n'kumata phala la mpunga pamalo pamene safuna kuti utoto ufikepo. Utoto ukauma, phalalo ankalitsuka. Pepala lodindapo linali la khungwa la mtengo wa kozo, ndipo ankayamba alikwinya ndi manja kuti likhale ngati nsalu.

Pafupifupi zithunzi zawo zonse ndi za m'Baibulo. Cha Rute chinalandira mphotho mu 1947, ndipo cha Njoka ya Mkuwa chinapambana ku New York mu 1958. Koma chimene akatekisiti ayenera kuchiyang'anitsitsa ndi cha Mgonero Wotsiriza. Ambuye ndi Apostoli avala kimono, patebulo pali nsomba ya tai imene Ajapani amadya pa chikondwerero, komanso chakumwa cha mpunga chotchedwa sake. Ena angadandaule kuti mkate ndi vinyo zapita kuti. Funsoli n'lomveka, koma chithunzi si mwambo wa Misa. Mmisiriyu ankafuna kuti Mjapani wamba akapachika chithunzicho m'nyumba mwake, aone Yesu akudya chakudya chimene iyenso amachidziwa.

A Watanabe anamwalira pa 8 Januwale 1996. Ngakhale sanali Mkatolika, zina mwa zithunzi zawo zimasungidwa m'nyumba zoonetsera zaluso za ku Vatican.